Atasiya fodya, matumbo anaima: lipoti la bambo womwa clozapine m'nyumba yosamalira anthu ku England

Lipoti ili ndalembera anzanga ogwira ntchito m'nyumba zosamalira anthu odwala matenda a maganizo kuno ku England, anamwino ndi osamalira omwe, makamaka inu amene mwafika posachedwa koma mwapatsidwa kale makiyi a kabati ya mankhwala. Ine ndine namwino wa matenda a maganizo, ndipo ndimayang'anira za umoyo ndi mankhwala m'nyumba zingapo za kampani imodzi. Dzina la nyumbayo, la tauni ndi la anthu okhudzidwa sinditchula. Mwini nkhani analola kuti ilembedwe.

Mbiri ya wodwala ndi nyumbayo

Bambowa ndi a zaka za m'ma 50, ndipo akhala ndi schizophrenia, matenda aakulu a maganizo, kuyambira ali mnyamata. Mankhwala angapo anakanika kuwathandiza mpaka pamene anawayambitsa clozapine, zaka zoposa khumi zapitazo. Atakhala nthawi yaitali m'chipatala, anabwera kunyumbayi pansi pa gawo 117 la Mental Health Act 1983, lomwe limakakamiza NHS (zipatala za boma) ndi khonsolo kupitiriza kumusamalira munthu akatuluka. Nyumbayi inalembetsedwa ku Care Quality Commission (CQC), bungwe loyang'anira nyumba zosamalira anthu, ngati yopanda anamwino okhala pamalopo. Mankhwala amapereka ndi osamalira aakulu omwe anaphunzitsidwa kutero, ndipo ine ndimafikako pa masiku ena, usiku amandipeza pa foni.

Ankamwa clozapine 450 mg pa tsiku, wolembedwa ndi dokotala wa matenda a maganizo, komanso hyoscine kamodzi usiku chifukwa cha dovu. Ankasuta ndudu pafupifupi paketi imodzi pa tsiku. Ankadzisambitsa okha, kupita kutauni okha pa basi, ndipo chipinda chawo chinali ndi chimbudzi chakechake. Mlingo wa clozapine m'magazi mwawo, pamene unayezedwa komaliza miyezi ingapo m'mbuyomo, unali 0.45 mg/L, womwe ndi wabwino.

Apa pali chinthu chomwe osamalira ambiri sachidziwa. Magazi amene womwa clozapine amakatengetsa ku kiliniki, sabata iliyonse kwa masabata 18 oyamba, kenako pa masabata awiri aliwonse mpaka chaka chikwane, kenako pa masabata anayi aliwonse, amangowerenga maselo oyera. Zotsatira zake zimabwera ngati green, amber kapena red, ndipo popanda zotsatirazo afamasi satulutsa mankhwala. Kuyeza kumeneku sikuona kuchuluka kwa mankhwala m'thupi, sikuonanso za m'matumbo. Bambowa anali green nthawi yonse ya nkhaniyi, kuphatikizapo masiku ochepa ambulansi isanawatenge.

Mmene zinayambira

M'mwezi wa October, pa kampeni yolimbikitsa kusiya fodya ya Stoptober, bambowa anaganiza zosiya fodya. Wowathandiza wawo wamkulu anawaperekeza kwa mlangizi wa osiya kusuta, ndipo anabwerako ndi vape, ndudu yamagetsi. Anasiyadi, tsiku limodzi lomwelo. Nyumba yonse inakondwa. M'buku la zochitika za tsiku ndi tsiku munalembedwa kuti akwaniritsa cholinga chawo cha umoyo, ndipo pa msonkhano wa okhala m'nyumbamo anawaombera m'manja. Ku kiliniki ya clozapine sikunapite uthenga uliwonse, chifukwa kwa aliyense imeneyi inali nkhani ya mapapo, osati ya mankhwala.

Utsi wa fodya uli ndi zinthu zochokera pa kupsa kwake zomwe zimafulumizitsa enzyme ya m'chiwindi yotchedwa CYP1A2, ndipo enzyme yomweyi ndi imene imaphwanya clozapine. Chikonga sichichita zimenezi. Choncho munthu akasiya ndudu n'kupita pa vape, pa chigamba chomata pakhungu kapena pa chingamu, chiwindi chake chimabwerera pa liwiro la munthu wosasuta m'masiku ochepa, ndipo mlingo wa clozapine m'magazi utha kukwera ndi theka kapena kuposerapo pamene mapiritsi ake ndi omwewo. Zili ngati mtsuko wodontha umene mwakhala mukuuthira ndowa yathunthu tsiku lililonse: bowo likatsekeka inu n'kumathirabe chimodzimodzi, madzi asefukira. Bungwe la MHRA, loyang'anira mankhwala ku UK, linachenjeza za zimenezi mu August 2020, n'kunena kuti mlingo wa clozapine uziyezedwa munthu akasiya kusuta kapena akasinthira ku ndudu yamagetsi, akadwala chibayo kapena matenda ena aakulu, komanso akayamba mankhwala omwe angaukweze.

Mu sabata yachiwiri anayamba kusinza pa mpando masana ndi kuphonya kadzutsa. Dovu, lomwe kale linkangonyowetsa pilo usiku, linayamba kutsika ndi masana omwe. Osamalira analemba zonsezi mokhulupirika, koma anazimasulira kuti ndi kufooka kwa munthu amene wangosiya fodya. Wina anaimbira GP, dokotala wawo wa masiku onse, za dovulo, ndipo hyoscine anamuwonjezera kufika katatu pa tsiku. Mu sabata yachitatu dzino linawavuta, dokotala wa mano anawalembera co-codamol, momwe muli codeine.

Pamenepa tsopano panali zinthu zitatu zogonetsa matumbo nthawi imodzi: clozapine wokwera, hyoscine wowonjezeredwa, ndi codeine. Olemba mankhwala anali atatu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene anaona mndandanda wonse. Pa kaundula wa GP clozapine panalibe n'komwe, popeza amalembedwa ndi achipatala. Malo okhawo padziko pomwe mankhwala atatuwa anaonekera pa pepala limodzi anali pa MAR chart, pepala lolembapo mankhwala operekedwa, ya m'nyumba mwathu.

Tchati cha chimbudzi analibe. Chifukwa chomwe chinaperekedwa n'chakuti ndi munthu wodzidalira, ndipo kumufunsa zotere n'kumuchotsera ulemu. Akafunsidwa kuti muli bwanji, ankati ali bwino. Sankanama. Omwa clozapine ambiri sadandaula za kudzimbidwa ngakhale matumbo atadzaza, ndiye kudikira kuti anene okha n'kudikira chinthu chomwe mwina sichibwera. Tikuganiza kuti anatha masiku osachepera asanu ndi atatu osachita chimbudzi chenicheni.

Usiku wa Lamlungu

Loweruka anakana nkhomaliro, akuti mimba yakhuta. Lamlungu madzulo anasanza, kenako anadetsa zogonera ndi chimbudzi chamadzi. Wamkulu wa shifiti ya masana anaganiza za norovirus, kachilombo kopatsirana kosanzitsa ndi kotsegula m'mimba, popeza nyengo yake inali imeneyo. Anawauza kuti akhale m'chipinda, anaika magolovesi ndi maepuloni pakhomo, ndipo popereka ntchito kwa ausiku anati akatsegulanso m'mimba apatsidwe loperamide, woletsa kutsegula m'mimba, wa m'kabati ya mankhwala osafuna kalata ya dokotala. Mwa malamulo oteteza matenda opatsirana, anachita zonse molondola. Vuto n'lakuti matendawo sanali amenewo.

Usikuwo panali mtsikana wa kwathu, yemwe anali atangotha miyezi yochepa pa ntchito. Posintha zogonera anaona kuti mimba ya bambowa yafufuma ndipo yauma gwa, ndi kuti masanzi achiwiri anali oderako ndi onunkha ngati chimbudzi. Anandiimbira.

"Amayi, pepani ndakudzutsani. Akuti ndiwapatse loperamide, koma mimba yawoyi sikundisangalatsa. Munthu wotsegula m'mimba mimba imaphwa, iyi yatupa."

Ndinamuuza kuti asapereke loperamide, asapereke mankhwala ofewetsa chimbudzi, chakudya kapena chakumwa, ndiponso kuti clozapine wa usikuwo amuimike ndi kulemba nthawi yomwe anamwa komaliza. Kenako anayeza ine ndili pa foni: kupuma ka 23 pa mphindi, mtima 118, BP ya pamwamba 104, thupi losatentha, mpweya m'magazi wabwino, koma bambowa sankadziwa tsiku ndiponso ankabwereza funso limodzimodzi. Pa NEWS2, muyeso wa manambala woonetsa kukula kwa ngozi ya wodwala, zimenezi zimakwana 8, ndipo kuyambira 7 kupita m'mwamba ndi ngozi yofuna thandizo nthawi yomweyo. Mtima wawo nthawi zonse umathamangirapo chifukwa cha clozapine, ndipo osamalira anazolowera kuona manambala oyandikira 100, n'chifukwa chake masana palibe amene anadabwa nawo.

Tinasankha 999, nambala yoitanira ambulansi, osati 111 yofunsira malangizo kapena kudikira GP m'mawa. Chimbudzi chamadzi mwa munthu womwa clozapine yemwe mimba yatupa ndipo akusanza chitha kutanthauza kuti chouma chatseka njira ndipo madzi okha ndi omwe akudutsa m'mbali. Matumbo otere atha kufa kapena kubooka m'maola ochepa, ndipo loperamide akanangowaimitsiratu. MHRA inakumbutsa za ngozi imeneyi mu October 2017, FDA, yoyang'anira mankhwala ku America, inalimbitsa chenjezo lake mu January 2020, ndipo onse anatchula kuti anthu amafa nayo.

Ndinamuuzanso mawu oti anene pa foni. Akanati "akutsegula m'mimba ndi kusanza", ambulansi ikanawaika kumapeto kwa mzere. Anati akukayikira kutsekeka kwa matumbo mwa munthu womwa clozapine, NEWS2 ndi 8, ndipo wasokonezeka mutu mwadzidzidzi. Pa envelopu ya mapepala opita nawo analemba CLOZAPINE ndi zilembo zazikulu, nthawi ya mapiritsi omaliza, nambala ya kiliniki, ndi mawu akuti anasiya fodya masabata anayi apitawo.

Ambulansi itafika bambowa anakana kukwera. Kukhala ndi schizophrenia sikutanthauza kuti munthu sangasankhe yekha, ndipo Mental Capacity Act 2005 imati tiyambe ndi kuganiza kuti angathe. Koma lamulo lomweli limafunsa ngati pa nthawi imeneyo, pa nkhani imeneyo, akumvetsa, akusunga zomwe wauzidwa, akuzilingalira, ndi kunena chomwe wasankha. Usikuwo sankatha kusunga zomwe awuzidwa ngakhale kwa mphindi ziwiri. A ambulansi analemba kuti sangathe kusankha ndipo kupita kuchipatala n'kowakomera. Mphamvu sizinafunike. Mlongo wawo atawalankhula pa foni, anadzuka okha.

Kuchipatala

Sikani ya CT inaonetsa matumbo aakulu odzaza ndi chimbudzi chouma, otupa, osayenda, koma osabooka. Anawaika chubu cha m'mphuno chokoka za m'mimba, diripi, ndi mankhwala olowetsa kumusi. Madokotala a opaleshoni anawayang'anira masiku angapo ndipo pamapeto pake mpeni sunafunike. Masanzi ena anali atalowa m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Wafamasi wa m'wodi anathandiza kuti asapatsidwe ciprofloxacin, mankhwala opha mabakiteriya omwe amatseka enzyme yomwe ija. Mlingo wa clozapine wotengedwa atangofika unabwera patapita masiku: unali pamwamba pa 1.1 mg/L, kuposa kawiri wa kale, pa mapiritsi omwe aja.

Clozapine anaimitsidwa, ndipo pamenepa panayambira vuto lachiwiri. Munthu akadumpha clozapine maola oposa 48 sabwerera pa mlingo wake wakale, amayambiranso pansi. Pofika sabata yachiwiri mawu omwe ankawamva kale anabwerera, anayamba kukana chakudya cha m'chipatala poti athiramo poizoni, ndipo usiku sankagona. A opaleshoni analemba m'kalata yawo kuti clozapine asayambidwenso. Dokotala wa maganizo sanagwirizane nazo.

Pa msonkhano womwe tinakhala, ine ndinali mbali ya dokotala wa maganizo. A opaleshoni anaona matumbo, ndipo mantha awo anali omveka. Koma ngozi sinabwere ndi clozapine pa mlingo womwe bambowa anakhala nawo bwino zaka khumi. Inabwera ndi mlingo wa m'magazi wowirikiza, pamodzi ndi mankhwala ena awiri omwe akanatha kupewedwa, mwa munthu yemwe sankamwa chofewetsa chimbudzi chilichonse. Zonsezi zinali zotheka kukonza. Chomwe sichinali chotheka ndi kupeza mankhwala ena owagwira, popeza onse anayesedwa kale. Mutu utayera pang'ono, bambowa anayezedwanso ndipo anapezeka kuti angathe kusankha. Anati akufuna clozapine abwerere, chifukwa zaka zomwe anakhala m'wodi yotseka akuzikumbukira bwino.

Ananenanso china chomwe chinatiziziritsa nkhongono tonse: akatuluka ayambiranso ndudu, popeza kusiya fodya n'kumene kunatsala pang'ono kuwapha. Sindinawatsutse msanga, chifukwa pa zomwe anaona ndi maso awo ankanena zoona. Tinawafotokozera kuti cholakwika sichinali kusiya, koma kuti mapiritsi sanatsitsidwe pamene anasiya, ndi kuti tsopano adzafunika ochepa kuposa kale. Tinawauzanso mosabisa kuti kusuta ndi ufulu wawo, koma akayambiranso atiuze tsiku lomwelo, chifukwa pamenepo mlingo wa m'magazi udzatsika ndipo matenda atha kubwerera. Anasankha kukhala pa vape.

Anasamukira ku wodi ya matenda a maganizo mwa kufuna kwawo. Clozapine anayambira pa 12.5 mg n'kumakwera pang'onopang'ono, zofewetsa chimbudzi za senna ndi macrogol kuyambira tsiku loyamba, hyoscine atachotsedwa. Ispaghula ndi ena otupitsa chimbudzi tinawapewa, chifukwa m'matumbo osayenda amangowonjezera katundu. Anakhazikika pa 275 mg, mlingo wa m'magazi uli pafupi ndi 0.4 mg/L.

Malipoti, ndi mkangano wa m'ofesi

M'mawa wa Lolemba lija ndinapempha kuti tichite zinthu zitatu: kudziwitsa a safeguarding (oteteza anthu osamaliridwa) ku khonsolo, kutumiza chidziwitso ku CQC monga Regulation 18 ya malamulo olembetsera a 2009 imafunira munthu akavulala kwambiri, ndi kuwauza bambowa ndi mlongo wawo zonse pamaso, kupepesa, kenako kulemba kalata, monga Regulation 20 ya malamulo a 2014 imanenera.

Manejala wa nyumbayo anazengereza, ndipo maganizo ake sanali opusa. Anati piritsi lililonse linaperekedwa monga dokotala analembera, pa MAR chart panalibe bokosi losasainidwa, magazi sanaphonyedwepo, ndipo kalondolondo wa mankhwala wa mwezi umenewo nyumbayo inakhoza zonse. Tilemba kuti talakwa chiyani?

Ndinatenga fomu ya kalondolondoyo n'kuiwerenga funso ndi funso. Inkafunsa za masiginecha, kuwerenga mapiritsi otsala, kutentha kwa firiji, makiyi, ndi masiku otha ntchito. Panalibe funso ngakhale limodzi lokhudza munthu womwa mankhwalawo. Koma Regulation 12 ya malamulo omwewo a 2014 sikuti imangonena za kusunga mankhwala bwino. Imafunanso kuti tiunike ngozi za munthu aliyense, tichite zotheka kuzichepetsa, ndipo pomwe chisamaliro tikugawana ndi ena tigwire nawo ntchito limodzi. Ndondomeko ya chisamaliro cha bambowa inali ndi masamba awiri a zochita akayamba kumva mawu, koma pa za kudzimbidwa ndi za fodya panalibe mzere. Kwa ine pamenepo ndi pomwe panali mlandu wa nyumbayo, ndipo ndi momwe tinalembera. Khonsolo inatsegula kafukufuku pansi pa gawo 42 la Care Act 2014.

Akuluakulu a kampani anafunsa ngati wamkulu wa shifiti ya masana uja apatsidwe chilango. Ndinakana. Maphunziro a mankhwala omwe anapatsidwa ankatchula clozapine pa nkhani ya magazi ndi zilonda za pakhosi basi, ndipo mndandanda wa mankhwala osafuna kalata unkalola loperamide kwa aliyense. Anatsata zomwe tinamupatsa. Kumulanga kukanangophunzitsa anzake kuti tsiku lina asalembe zomwe aganiza.

Zomwe zinasintha

Chovuta kwambiri sichinali mapepala, chinali funso la chimbudzi. Osamalira ena anati n'zochotsa ulemu. Kwa ife ochokera kwathu palinso china: sitinaleredwe kufunsa bambo wamkulu ngati wapita kuchimbudzi, ndipo mtsikana wa zaka 25 amachita manyazi ngakhale atavala yunifolomu. Tinagwirizana kuti aliyense womwa clozapine azisunga yekha kakhadi m'chipinda mwake, ka zithunzi za mitundu ya chimbudzi za Bristol Stool Chart, n'kumalembapo nambala kuyambira 1 mpaka 7. Wosamalira amangopempha kuona khadi pa nthawi ya mankhwala a m'mawa, chitseko chili chotseka. Wokana ali ndi ufulu wokana, koma kukanako kumalembedwa ndipo ine ndimadziwitsidwa. Pakadutsa maola 48 popanda chimbudzi, GP kapena ine timauzidwa tsiku lomwelo. Kupweteka m'mimba, kutupa, kusanza kapena chimbudzi chamadzi ndi nkhani ya dokotala nthawi yomweyo, ndipo loperamide anachotsedwa pa mndandanda wa anthu amenewa.

Kusintha kulikonse pa kasutidwe, kuchepetsa kapena kuwonjezera, tsopano kumalembedwa ngati nkhani ya mankhwala ndipo kiliniki imaimbiridwa munthu asanasiye, kuti magazi atengedwe ndi mlingo utsitsidwe mwa dongosolo. Tinawonjezerapo khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu, popeza caffeine wambiri nayenso amakweza clozapine, ndipo osiya fodya ambiri amathawira ku ketulo. Mankhwala atsopano ochokera kwa wina aliyense, wa mano, wa usiku kapena wa ku dipatimenti ya ngozi ya A&E, sapatsidwa kwa womwa clozapine wafamasi asanaone mndandanda wonse. Ogwira ntchito a ejensi amapatsidwa tsamba limodzi lofotokoza zimenezi asanayambe shifiti.

Bambowa anabwerera kunyumba patatha pafupifupi miyezi iwiri, ataonda ndiponso akuyenda pang'onopang'ono. Basi ya kutauni anayambiranso kukwera okha patapita nthawi. Dovu likadalipo usiku, ndipo asankha kugona ndi thaulo pa pilo m'malo mwa mankhwala. Kawiri konse agulapo ndudu, ndipo kawiri konseko anabwera okha kudzanena. Kafukufuku wa khonsolo anapeza kuti nyumbayo inalephera kuunika ngozi yodziwika, analandira ndondomeko yathu yokonza zinthu, ndipo nkhani inatsekedwa. Mlongo wawo analandira kupepesa kwathu koma anapempha kuti aziitanidwa pa msonkhano uliwonse wa mankhwala, ndipo bambowa anavomera.

Titayang'ana anthu ena omwa clozapine m'nyumba zathu zonse, tinapeza kuti angapo mwa iwo mankhwalawa sankaoneka pa kaundula wa GP, ndipo ena sankamwa chofewetsa chimbudzi chilichonse. Ma GP anavomera kuwalemba ngati mankhwala ochokera kuchipatala, kuti kompyuta izichenjeza wina akafuna kulemba codeine. Kwa madokotala a mano njira yotere sitinaipeze, choncho wosamalira woperekeza amanyamula MAR chart ndi kuipereka m'manja mwa dokotalayo wodwala asanakhale pa mpando.